Anzanga a ku Ecuador andiitana kupikiniki: ndiphike chiyani?

Funso

Ndine mayi wa ku Zomba, ndipo ndangoyamba kumene ntchito mumzinda wa Quito ku Ecuador. Anzanga a kuntchito amakonda kupita kupaki Lamlungu, aliyense atanyamula chakudya chophika kunyumba kwake. Ulendo woyamba ndinangogula mabisiketi ndi zakumwa m'sitolo, ndipo nditaona miphika imene anzanga anabwera nayo ndinachita manyazi. Anandipakulira zambiri moti ndinalephera kumaliza, ndipo nyama ina imene ankati ndi cuy ndinaikana. Tsopano andiitananso. Kodi ndiphike chiyani? Nsima ingatheke? Nanga ndikachite zotani kuti ndisaoneke wamwano?

Yankho

Achemwali, kaphikeni chakudya chakwanu, chimene manja anu anachizolowera, ndipo muphike chambiri ndithu. Musathamangire kuphika zakudya zawo pofuna kuwasangalatsa, chifukwa pagulu limenelo sipalephera kukhala munthu amene anaphunzira chakudya chomwecho kwa agogo ake, ndiye chanucho chidzangokhala chongoyerekeza. Koma masamba otendera a ku Zomba palibe wina angabwere nawo kupatula inuyo. Za mabisiketi aja musadandaule nazo. Mlendo salakwa tsiku loyamba, komanso zakumwa zimafunika munthu wozigula. Kungoti akakuitanani kachiwiri ndiye kuti ayamba kukuwerengerani ngati mnzawo, ndipo kwa anthu a ku Ecuador amene ndinakhala nawo ndi kuphika nawo, mnzako amadziwika ndi chimene chadutsa m'manja mwake, ngakhale chikhale chimanga chokazinga chabe.

Kuti mumvetse chifukwa chake miphika ija inali yodzaza choncho, muyenera kudziwa mwambo wina wa anthu olankhula Kichwa, eni nthaka a m'mapiri a Andes, wotchedwa pambamesa, ena amati pampamesa. Umachitika pa zikondwerero zikuluzikulu monga Inti Raymi, chikondwerero cha dzuwa ndi zokolola cha m'ma 21 June, pa maukwati, komanso pamapeto pa minga, ntchito imene mudzi wonse umagwirira pamodzi monga kukonza msewu, kukumba ngalande ya madzi kapena kufolera nyumba ya mnzawo. Amayala nsalu zazitali pa udzu, n'kuzilumikiza mpaka zitatalika. Kenako amayi amabwera mmodzimmodzi, kutsitsa mitolo kumsana, kumasula mfundo, n'kukhuthulira pansalupo zimene aphika: chimanga chowiritsa chotchedwa mote, mbatatesi zamitundumitundu, zina zachikasu zina zofiirira, nyemba zikuluzikulu za habas, timizu toterera ta melloco, timizu totsekemera ta oca, zidutswa za tchizi, mazira owiritsa, ndipo pamwamba pake nyama ya nkhuku kapena ya mbira. Chimene chinandigwira mtima nditaona zimenezi m'dera la Cañar n'chakuti saunjika milu yosiyana ayi. Mote wa mayi uyu amathiridwa pamwamba pa mbatatesi za mayi uja, wina n'kumwaza ndi dzanja kuti zifike mbali zonse. Pakangopita kanthawi palibenso angaloze kuti ichi n'changa, ndipo palibe angadziwe kuti wabweretsa zochepa ndani. Wosauka ndi wolemera amadya mofanana popanda wochita manyazi. Mkulu wina amayamba wathokoza Mulungu ndi nthaka imene yabereka, imene iwo amaitcha Pachamama, kenako anthu amakhala mbali zonse ziwiri za nsaluyo n'kumadya ndi manja kapena ndi sipuni. Wodutsa m'njira amaitanidwa.

Quito ndi mzinda waukulu wamakono. Anzanu a kuntchito ambiri mwina si a mtundu wa Kichwa, ndipo pikiniki yawo sangaitchule dzina limeneli. Amabwera ndi makontena apulasitiki, thumba la makala, mpira ndi makadi a masewera otchedwa cuarenta, n'kukakhala ku Parque La Carolina pakati pa mzinda, kapena ku Parque Metropolitano Guangüiltagua, nkhalango ya bulugamu kumene kuli malo owotchera nyama okonzedwa kale. Koma mtima wake ndi womwewo: chakudya chikafika pakati chasiya kukhala cha mwini wake. N'chifukwa chake kumeneko munthu sanyamula mbale yake yekha n'kukhala pambali kumadya. Poyeza zophika musaganizire mimba yanu. Werengani anthu onse, kuti aliyense alaweko sipuni ziwiri kapena zitatu, n'kuonjezerapo za ena amene simunauzidwe kuti abwera, pakuti msuweni, apongozi ndi anansi amangotulukira.

Mnzanu aliyense muzimufunsa kuti kwawo n'kuti, chifukwa mphika wake umanena za kwawoko. Dzikolo si lalikulu, koma kaphikidwe ka kumapiri, kumene amati Sierra, n'kosiyana kutalitali ndi ka kugombe la nyanja ya Pacific, kumene amati Costa, ndipo kunkhalango ya Amazon kum'mawa nakonso ali ndi zawo. Wa kumapiri amabwera ndi chimanga, mbatatesi ndi nkhumba. Mote uja ndi chimanga chouma cha maso akuluakulu chimene amayamba achiwiritsa ndi phulusa kapena laimu kuti khungu lisupuke, kenako n'kuchiphika maola ambiri mpaka chitaphulika n'kufewa. Ku Cuenca mote sasowa pa tebulo, ndipo akamukazinga ndi mazira ndi anyezi amati mote pillo. Pambali pake pamakhala fritada, nyama ya nkhumba yoduladula imene amaiphika m'chiwaya chachikulu ndi madzi, adyo ndi anyezi mpaka madziwo ataphwa, nyamayo n'kuyamba kukazingika m'mafuta ake omwe. Amene alibe nthawi amadzera kumsika kukagula hornado, nkhumba yathunthu yowotcha mu uvuni, imene tauni ya Sangolquí kufupi ndi Quito inatchuka nayo. Mudzaonanso llapingachos, timikate ta mbatatesi zonyenya tokhala ndi tchizi mkati, ndi humitas, chimanga chachiwisi chogaya, chosakaniza ndi mazira ndi tchizi, chokulunga m'makoko ake n'kuphikidwa ndi nthunzi. Chimenechi ndi chakudya cha paulendo chenicheni: sichitayika, sichifuna mbale, ndipo chikazizira amachitenthetsanso pa chiwaya.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri pa zonsezi n'chotsika mtengo kuposa zonse. Kuli mbewu yoyera yooneka ngati nyemba yotchedwa chocho, yowawa koopsa ikakhala yosakonza, moti amaiwiritsa n'kuiviika m'madzi osinthasintha kwa masiku angapo kuti kuwawako kuchoke. Kumsika mumaigula itakonzedwa kale. Akaisakaniza ndi anyezi, tomato, madzi a mandimu ndi mchere, n'kuwaza pamwamba chimanga chokazinga cha tostado ndi tizidutswa ta nthochi zokazinga, amati cevichochos. Ku La Carolina Lamlungu mudzaona anthu ali pamzere pa timangolo togulitsa zimenezi. Tsiku lina mukadzadzuka mochedwa, imeneyi ndi mbale imene mungakonze m'mphindi 15 n'kupita nayo mutu uli m'mwamba. Ingoyambani mwatsuka mbewuyo bwinobwino n'kuiwiritsako pang'ono, chifukwa kumsika imakhala nthawi yaitali m'madzi.

Wa kugombe amabwera ndi mpunga, nsomba, mtedza ndi nthochi. Ecuador imagulitsa nthochi kunja kuposa dziko lina lililonse, koma zimene eni ake amadalira pakhomo ndi nthochi zikuluzikulu zophika, zimene zikakhala zaziwisi amati verde, zikapsa amati maduro. Zaziwisizo akaziwiritsa kapena kuzikazinga, n'kuzisinja pamodzi ndi tchizi kapena nyama ya nkhumba, n'kuumba chibulunga chodzaza dzanja, ndiye bolón. Akazidula mopyapyala n'kuzikazinga mpaka zitauma, ndiye chifles. Ceviche wawo wa camarón, tinkhanu ta m'nyanja timene amayamba atiwiritsa, amakhala ndi msuzi wambiri wa mandimu ndi malalanje, ndipo amadya ndi sipuni, pambali pali mbuliwuli.

Koma pa zakudya zonyamula palibe choposa tonga ya ku Manabí, chigawo china cha kugombe. Inayamba ngati kamba wa alimi opita kumunda kutali. Amatenga tsamba la nthochi n'kuliwaula pamoto kuti lifewe lisang'ambike, n'kuikapo mpunga, chiwalo cha nkhuku ya lokolo ndi msuzi wake, nthochi yakupsa yokazinga, n'kuthira pamwamba msuzi wolemera wa mtedza. Kenako amapinda tsambalo n'kumanga ndi luzi. Mukamamasula masana, tsamba lija limakhala litada n'kuchita thukuta, mpunga utamwa msuzi mpaka kugwirana, nthochi itafewa n'kumatirira kunyama, ndipo fungo la tsamba lowaula litalowa paliponse. Simufuna mbale, ndipo mukatha mulibe chotsuka. Likulu la chigawochi, Portoviejo, linalowa mu 2019 m'gulu la mizinda imene UNESCO imailemekeza chifukwa cha kaphikidwe. Mukapeza mnzanu wa kumeneko, m'pempheni kuti tsiku lina mukamangire limodzi tonga kunyumba kwake, pakuti kapindidwe ka tsambako kamaphunzirika ndi maso. Wa ku Amazon akakhalapo angabweretse maito, nsomba yokulunga m'masamba a bijao n'kuwotcha pa makala, yodyera chinangwa.

Tsopano za nsima. Ndikanakonda kukuuzani kuti inyamuleni, koma ayi, isiyeni kaye. Nsima imakoma ikangochoka pamoto, ndipo Quito ndi malo ozizira: mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 2,850, kungotsala pang'ono kufanana ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Pomadzafika kupaki, kupereka moni, kudikira ochedwa, mitanda idzakhala itauma kunja n'kuzizira mkati, ndipo munthu amene sanailawepo adzaganiza kuti nsima ndi imeneyo. Imafunanso madzi osamba m'manja, ndiwo zotentha, ndi munthu wowaonetsa kutema mbamu ndi kusunsa. Zimenezo zimakoma kunyumba kwanu, mutaitana anthu anayi kapena asanu, mphika uli pafupi. Tsiku limenelo mudzakumbukire kuti pamwamba chotero madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 m'malo mwa 100, choncho phala mulisiye libwate nthawi yotalikirapo kuposa kwathu musanayambe kuthyakula, apo ayi nsima idzanunkha ufa. Pogula ufa nenani kuti mukufuna harina de maíz blanco wosakazinga, chifukwa m'masitolo muli ufa wina wa chimanga chokazinga, ndi wina wophikidwa kale wopangira mikate ya arepa. Wachiwiriyu amagwira nsima mwachangu mukasowa pogwira, koma kukoma kwake n'kwina.

Chimene ndikukulangizani Lamlungu likubwerali ndi masamba otendera, chifukwa lilime lawo linazolowera kale mtedza m'chakudya chamchere. Pa llapingachos amathira msuzi wa mtedza, mbira yowotcha amadyera mbatatesi za msuzi wa mtedza, ndipo guatita, ndiwo yotchuka ya chifu cha ng'ombe, nayonso n'yotendera. Ndiye sadzaopa kulawa, komabe adzaona chatsopano, pakuti kutendera masamba okhaokha n'kuwadya ngati ndiwo si chizolowezi chawo. Nkhwani ndi chisoso musataye nthawi kuzifunafuna pa mabenchi a msika. Funsani masamba otchedwa acelga, kapena a nabo amene akufanana ndi mpiru. Mtedza amati maní. Gulani wosakazinga, maní crudo, muugaye m'makina ogayira zipatso mozimitsazimitsa, kuti utuluke nsinjiro osati chiponde. Misika ya Iñaquito ndi Santa Clara ili nazo zonsezi. Sankhani mayi mmodzi woti muzigula kwa iye nthawi zonse. Posachedwa mudzayamba kuitanana kuti casera, mmene amaitanirana wogula ndi wogulitsa ozolowerana, ndipo azikuikirani yapa, banyira wawo, n'kumakusungirani masamba anthete. Phikani m'mawa wa tsiku lomwelo, osati dzulo lake, pakuti mukudziwa kale kuti zotendera sizichedwa kusasa. Zilimbe pang'ono kuti zisayenderere pa mbale yapepala. Mukazipaka pamwamba pa mote kapena pa mbatatesi zowiritsa zimagwirizana bwino kwambiri, moti nsima simudzaisowa.

Ngati pali ana, onjezani zitumbuwa. Nthochi zakupsa zimapezeka chaka chonse pa mtengo wotsika, ndipo zitumbuwa zimadyeka zitazizira, ndi manja, munthu ataimirira. Futali nayenso savuta kunyamula. Mbatata amaitcha camote. Nkhuku ya lokolo, gallina criolla, adzailandira ndi manja awiri, koma pamwamba pamenepo imatenga nthawi kuti ifewe, chimodzimodzi nyemba, n'chifukwa chake m'makhitchini ambiri a ku Quito simusowa pressure cooker. Chigumu ndi makeke zimavutako. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, ndiye zimafufuma msanga n'kutitimira pakati. Chepetsani soda pang'ono, ndipo muyesere kaye pa tsiku wamba, osati m'mawa wa pikiniki.

Pa zakudya zawo, ziwiri zokha ndi zimene ndingakuuzeni kuti muphunzire msanga, chifukwa zimafunika pa chakudya chilichonse ndipo nthawi zambiri zimatha anthu asanakhute. Choyamba ndi curtido. Dulani anyezi wofiira, amene amati cebolla paiteña, mopyapyala kwambiri, muwaze mchere wambiri, mufikise ndi manja n'kumusiya mphindi 10. Kenako mutsukeni ndi madzi ozizira mpaka mchere ndi ukali zitachoka, mufinye, muthire madzi a mandimu atatu kapena anayi, n'kudikira mpaka atasanduka wa pinki. Tomato wodula ndi masamba onunkhira a cilantro mukaike mutafika, kuti zisalobodoke m'njira. Alendo ambiri amaiwala za mchere ndi kutsuka kuja, ndiye anyezi wawo amaluma. Chachiwiri ndi ají, msuzi wa tsabola. Anthu a ku Ecuador saika tsabola wambiri mumphika. Amamuika pambali kuti aliyense athire yekha. Wa kumapiri amapangidwa ndi chipatso chowawasa chotchedwa tomate de árbol: kuchiwiritsa pang'ono kuti khungu lisendeke, kuchigaya ndi tsabola ndi madzi pang'ono, kusefa njere, n'kuikamo anyezi, cilantro, mchere, mwinanso chocho uja. Ndiye inunso m'zophika zanu musathiremo tsabola monga mmene mungachitire kwanu. Ngati munabwera ndi kambuzi, muikeni m'kabotolo pambali n'kuwachenjeza.

Za pamalo podyerapo. Mukafika perekani moni kwa aliyense payekhapayekha, kuyambira akuluakulu. Amayi amapsompsonana pa tsaya kamodzi, chimodzimodzi mayi ndi bambo odziwana, pamene abambo okhaokha amagwirana chanza. Potsazika n'chimodzimodzi. Moni wa chigulu wongokweza dzanja amamuona ngati wa munthu wosafuna anthu. Wina akakupatsani mbale amati sírvase, kutanthauza kuti landirani mudye, ndipo chofunika n'kulandira. Kunena gracias n'kokwanira, koma kwa achikulire a kumapiri mukati Dios le pague, Mulungu akubwezereni, mudzaona nkhope zikuwala. Poyamba kudya, kapena mukapeza ena akudya, mawu ake ndi buen provecho, kutanthauza kuti mudye bwino.

Kulephera kumaliza si mlandu. Mlandu ndi kukana mbale ikubwera, kapena kutaya chakudya m'bini mwini wake akuona. M'midzi ya kumapiri anthu amapita kuphwando atanyamuliratu kathumba kapena kansalu, ndipo zimene zatsala pa mbale yawo amapita nazo kunyumba kuti ana ndi okalamba amene sanabwere alaweko; m'chinenero cha Kichwa zimenezi amati wanlla. Mumzinda amapempha tarrina, kakontena kapulasitiki. Choncho landirani, idyani mmene mungathere, yamikani, kenako nenani kuti zotsalazi mukufuna para llevar, zopita nazo. Wophikayo amasangalala kwambiri akaona kuti chakudya chake chikukagona kunyumba kwanu. Ngati simudya zambiri, nenani poquito nomás, pang'ono chabe, asanapakule, koma dziwani kuti adzapakulabe mowolowa manja. Inunso nyamulani makontena awiri atatu opanda kanthu oti mupakuliremo anzanu zotsala mumphika wanu. Musabwerere nazo nokha.

Nyama ya cuy imene munakana ija ndi mbira, yomwe ija ena amaweta m'makhitchini kwathu. M'mapiri a Andes akhala akuiweta kwa zaka masauzande, ndipo si ndiwo ya tsiku lililonse. Imaphedwa pa ukwati, pa ubatizo, pokapempha munthu kuti aimire mwana pa ubatizo, kapena polandira mlendo wolemekezeka, ndipo mtengo wake umaposa wa nkhuku. Amene anakupatsani chiwalo chimenecho anakulemekezani kwambiri. Sindikunena kuti mudzikakamize kudya chimene mtima wakana. Koma mukakumananso naye, mutengereni pambali mumuuze kuti simunadziwe ulemu umene anakupatsani, ndipo ngati mungathe lawani kachidutswa. Ikawotchedwa bwino khungu lake limauma n'kumakukutika, ndipo mnofu wake ukufanana ndi wa kalulu. Ngati chokuletsani ndi chipembedzo kapena matenda, nenani poyera tsiku lisanafike, anthu amamvetsa. Makamaka ngati simudya nkhumba muzifunsa, chifukwa mafuta ake, manteca de chancho, amalowa m'zakudya zambiri zooneka ngati zilibe nyama: chimanga chokazinga, timikate ta mbatatesi tija, nthawi zina ngakhale mote.

Chakudya chanu musangochiika pakati n'kukhala chete kudikira kuti azitenga okha. Nawonso amachita manyazi ndi chinthu chimene sakuchidziwa, ndipo mungabwerere mukuganiza kuti achikana. Nyamukani ndi mphika ndi chipande, yambani ndi achikulire, tchulani dzina lake m'Chichewa, nenani kuti muli mtedza pakuti ena amadwala nawo, n'kupakula. Akafunsa kaphikidwe auzeni zonse osabisa.

Pa zakumwa pali chizolowezi chimene chimadzidzimutsa alendo. Nthawi zambiri mowa, kapena chicha, chakumwa cha chimera cha chimanga, zimayenda ndi kapu imodzi: wina amathira pang'ono, kukupatsani, inu kumwa n'kubweza kapuyo, iye n'kuthirira wotsatira. Ngati simumwa, nenani mwaulemu koyambirira ndipo mukhale ndi kapu yanu ya juwisi m'manja. Kukayamba kuzizira madzulo pamatuluka canelazo, madzi otentha a sinamoni ndi chipatso cha naranjilla. Amathiramo kachasu wa nzimbe wotchedwa aguardiente, koma mukhoza kupempha asanathire. Mukamva akuti hagamos vaca, ndiye kuti akusonkha ndalama za makala, nyama kapena zakumwa. Dzikolo limagwiritsa ntchito dola ya ku America kuyambira mu 2000, ndipo ndalama zikuluzikulu zimavuta kusintha, choncho muzikhala ndi zing'onozing'ono m'thumba. Kusonkha sikuchotsa kuphika. Anthu amachita zonse ziwiri.

Nyengo ya Quito imapusitsa. Mphepo ndi yozizira, koma dzuwa la pa equator pamwamba chotero limawotcha, ndipo kontena yotseka ikakhala padzuwa imatentha mkati ngakhale inu mutavala juzi. Chakudya chophika chisakhale pamtetete kupitirira maola awiri chisanadyedwe. Mpunga, zotendera, nkhuku ndi saladi za mayonezi ndi zimene muyenera kusamala nazo kwambiri. Zotentha zikulungeni m'nyuzipepala ndi thaulo mphika uli chitsekere, zozizira monga ceviche zikhale m'kabokosi ka ayezi, zonse pamthunzi. Kuyambira cha mu October mpaka May mvula imakonda kugwa dzuwa likapendeka, ngakhale m'mawa kutacha bwinobwino, ndiye pulasitiki yoyala pansi pa nsalu ndi ambulera musaziiwale. Mukatha kudya padzakhala ecuavoley, volebo yawo ya anthu atatu mbali iliyonse, ya ukonde wokwera kwambiri, yosewera ndi mpira wamiyendo. Masabata oyambirira musathamange kwambiri, thupi lisanazolowere mpweya wa kumapiri.

Mukakhalitsa nawo, pali nthawi ziwiri pachaka zimene chakudya chidzakupezani musanachipemphe. Sabata ya Pasaka amaphika fanesca, msuzi wolemera wa mbewu ndi nyemba za mitundu 12, pokumbukira atumwi, pamodzi ndi maungu, mkaka ndi nsomba youma yamchere. Ntchito yake ndi yaikulu. Banja lonse limakhala pansi kusenda nyemba imodziimodzi, ndipo amaphika mphika waukulu n'kumatumiza kwa anansi ndi abale. Akakuitanani kukasenda, pitani, chifukwa nkhani za banjalo zimakambidwa posenda pomwepo. Ina ndi pa 2 November, tsiku lokumbukira akufa. Amaphika colada morada, phala lamadzimadzi lofiirira la ufa wa chimanga chakuda ndi zipatso monga mortiño, mabulosi ndi chinanazi, n'kumwera timikate toumbidwa ngati makanda totchedwa guaguas de pan. M'madera monga Otavalo ndi Calderón mabanja amanyamula zakudya kupita nazo kumanda, kuyala pamtumbira wa m'bale wawo, kudya pomwepo, kugawana ndi mabanja oyandikana nawo, ndi kupatsako anthu amene amayendayenda kupempherera akufa. Kwa ife amene tinakula tikuopa kumanda zimadabwitsa, koma kwa iwo ndi kucheza ndi m'bale, ndipo sangaitanire kumeneko munthu amene sakumukhulupirira. Mukapita, valani zaulemu, nyamulani mikate kapena zipatso zoti mugawe, musajambule zithunzi musanapemphe, ndipo tsiku limenelo mphika wanu muusiye kunyumba, chifukwa zimene zimaphikidwa ndi zimene malemuyo ankakonda.